Khoma la pabalaza musalikhudze

Bambo a ana,

Mukalowa musakuwe ngati mwaponda njoka. Inde, khoma la pabalaza ndalimaliza ndekha. Miyezi isanu takhala tikudikira achimwene anu, amisiri otchuka aja, amene anangomata pulasitala n'kutisiyira khoma lokhakhala ngati msana wa ng'ona. Dzulo mwana wasupuka chigongono pamenepo, inu n'kumati, "Tidikire, imeneyo si ntchito ya azimayi." Ine kudikirako kwandikwana.

Ndamatapo simenti yopyapyala pamwamba. Itagwira pang'ono ndasalaza ndi siponji yonyowa, mozungulirazungulira, monga ndinkaonera bambo anga ndili mwana. Siponjiyo ndadula pa kushini ya mpando wanu uja n'kuimata pa kathabwa. Apo pokha ndiye pepani. Ingoitembenuzani kushiniyo, simumva kusiyana. Koma za khomalo sindipepesa ngakhale pang'ono.

Panopa ndathamangira kwa mayi a kuseri kwathuku. Anasuzumira pawindo n'kuliona, ndiye akuti ndikawasalazire la kukhitchini kwawo simenti yawo isanaume. Ndibwerako madzulo. Chakudya chili mumphika, manja muli nawo.

Masana muliwaze madzi pang'ono kuti lisang'ambike. Musatsamirepo, ndipo kalendala yanu ija idikire, msomali ayi. Alamu akatulukira ndi zida zawo, aziliona ataima pakhomo. Akafunsa kuti mmisiri wake ndani, musayambe kukanda m'mutu n'kumayang'ana pansi. Muwauze mokweza, mpaka apamsewu amve.

Ndine mkazi wanu, wa zala zotupa