Makina a Bambo ndi Zigubu Zitatu

Nyumba 214, Maglas
Zvishavane
22 Julaye 2007

Okondedwa Amayi,

Ndakondwa kupeza mpata woti ndikulembereni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Somabhula ndi chisanu chimenechi? Nanga mwendo uja ukutupabe? Ife kuno tiliko, kupatula chifuwa chimene chinandigwira sabata yatha, koma chikutha. Kalatayi ndapatsira a Nehemiya ogwira ntchito kunjanji, chifukwa ya papositi masiku ano imafika wolembayo ataiwala kale zimene analemba.

Kalata yanu inafika. Achemwali anga a Lois anaiwerenga mokweza ine ndikusita zovala. Masamba awiri onse munkafunsa za galimoto ya alamu a Manson, ngati ili bwino, ngati idzabwere pa tsiku lovundukula chiliza cha bambo mu Ogasiti. Dzina langa linamveka kamodzi kumapeto, pamene munati Noria azimvera mkulu wake. Sindikudandaula ayi. Ndangoti mudziwe kuti ndinamva.

Kuno m'mashopu mwatsala mashelefu okhaokha. Magetsi amazima tsiku lonse, ndiye timaphikira nkhuni kuseri kwa nyumba. Petulo pagalaja palibe, anthu amagula kwa amene amabwera naye m'zigubu kuchokera ku Joni.

Popeza mumaifunsa kwambiri galimotoyo, lekani ndikuuzeni za iyo, poti amene ndimaitsuka ndine. Ndi yaikulu zedi, yakuda, mipando yake yachikopa, ndipo pokwera umachita kuponda kaye pachitsulo ngati basi. Alamu anaigula kwa bwana wina wa kumgodi amene ankasamukira ku Joni, nthawi ija malonda ogula golide kwa makorokoza, aja okumba mozemba, ankayenda. Malondawo anaima chaka chatha, koma galimoto sinasiye kumwa.

Pothira petulo ine ndimagwira fanelo, botolo lodula pakati, ndipo timasefa ndi zambiya, chitenje changa chakale, chifukwa wa m'zigubu amabwera ndi madzi ndi zitsotso. Tikathira malita asanu, kasingano kosonyeza mafuta sikasuntha n'komwe. A Samueli, makanika amene timapemphera nawo, anati lita imodzi imangoyenda makilomita asanu basi, ndipo ukayatsa mphepo yozizira ya m'kati ndiye kwatheratu. Anaseka alamu kuti anakwatira mkazi wachiwiri wosaphika, wosabereka, wongodziwa kudya. Alamu anayankha kuti mkazi wokongola safunsidwa kuti wadya zingati. Onse anaseka. A Lois sanaseke.

Firiji ija munaiona inagulitsidwa, inapita ndi matayala awiri. Wailesi ndi wodiropu zinapita ndi oyilo ndi kachitsulo kena kamene anachita kukagula ku Messina. Ife tikudya ndiwo zopanda mafuta, galimoto ikumwa oyilo malita asanu ndi atatu nthawi imodzi.

Kutchalitchi ndi pafupi, wapansi amafika asanamalize nyimbo ziwiri. Koma Lamulungu lililonse amapita pagalimoto, injini atazimitsa pamtsetse, a Lois ali kutsogolo, galasi atatsitsa pang'ono kuti anthu awaone. Ine ndimatsatira wapansi nditanyamula mabuku a nyimbo, chifukwa alamu amandiuza kuti, mainini, mlamu wanga, munthu aliyense wowonjezera ndi petulo. Amayi a kutchalitchi amawaitana a Lois kuti mai vemota, mayi wa galimoto. Ine amandiitana kuti sisi, ngati wantchito. Wina anandifunsa kuti amandilipira bwino kodi, ine n'kulephera kunena kuti tinabadwa mimba imodzi.

Amayi, ndikuuzeni zoona, ndili ndi nsanje. Ndapempherapo koma sikuchoka. Tsiku lina ndikupukuta m'kati, kunyumba kulibe munthu, ndinakhala pampando wa a Lois n'kutseka chitseko. Phokoso lonse la Maglas linazima. Ndinatsitsa kagalasi kodziyang'anira n'kudziona, ndipo ndinaoneka ngati munthu woti anthu angamupatse moni poyamba. Ndinakhalamo mpaka mapira anapserera pamoto. Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyererezo ine ndimaziona tsiku ndi tsiku, komabe mkuyuwo ndimausirira.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Lolemba ndikutsuka mbale ndinamva alamu akukambirana ndi a Redson, ogulitsa petulo. Ulendo wobwera kumeneko kudzera ku Shurugwi ndi ku Gweru, kupita ndi kubwerera, ukufuna zigubu zitatu za malita makumi awiri. Ndalama zathuzi a Redson sakuzifuna, akuti zimasungunuka m'thumba. Akufuna katundu. Ndiye alamu anatchula makina osokera a bambo. A Redson anafunsa ngati ndi aja akale opalasa ndi mwendo, atamva kuti inde anavomera msanga. A Lois anati inu simungakane, poti ndinu amene mukufuna galimoto pamanda. Lole ya a Redson idzadutsa kwanuko Loweruka la sabata yamawa kudzawatenga.

Ndinafuna kulankhula koma ndinaopa. Mukundidziwa. Ndinangogwetsa kapu, a Lois n'kundikalipira kuti ndili ndi manja a nthochi.

Amayi, makina amenewo anatilera zaka zoposa makumi awiri pakhonde la sitolo ya pafamu. Galimoto iwameza tsiku limodzi, m'mawa mwake kasingano kadzakhalanso pansi. Ndipo mukukumbukira kuti pamene ndinalekezera Giredi 7 kuti a Lois apitirize mpaka Fomu 4, bambo anandikhazika pamakinawo n'kundiphunzitsa kuika zipi ndi kutembenuza kolala. Akudwala ananena pamaso panu ndi pa amalume kuti wina analandira sukulu, makina ndi a Noria. Makinawo sindinawaitanitsepo chifukwa ndinkachita manyazi kutchula katundu chiliza chisanamangidwe.

Masiku ano palibe amene akugula chovala chatsopano, aliyense akungoika zigamba. Mai Natsai, amene ali ndi kasitolo ku Mandava, anaona mmene ndinasokera yunifomu ya mwana wawo pamanja, ndipo anati ndikapeza makina adzandipatsa malo pakhonde pawo. Anati anthu azilipira ndi ufa, sopo, ngakhale mazira. Ndikadakhala ndi pangapanga, ndikadamakutumizirani kenakake inunso, osati moni yekha.

Ndikudziwa chifukwa chake mukuifuna galimotoyo. Anthu a pakomboni ankatinyoza kuti ndife Mabhurandaya, obwera opanda kwawo, ana a telala wa zigamba. Mukufuna aone chigalimoto chitaima pamanda a telalayo. Inenso ndikadakonda kuona nkhope zawo. Koma chidzaima maola atatu okha, kenako fumbi, ndipo m'nyumba mwanu pamene pamakhala makina padzatsala pongosesa.

Pempho langa ndi limodzi. Lole ikafika, musawapereke. Ngati kukana kukukuvutani, apititseni kwa amalume lisanafike tsikulo. Alamu akafuna kubwera ndi mkazi wawo wachiwiriyo, m'nyumba muno mwatsalabe masofa ndi TV. A Lois sakudziwa kuti ndalemba. Akadziwa mwina adzandithamangitsa, koma ndalemba basi.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Munyati akabwera, kwa msuweni wanga Kundai ndi ana ake, ndi kwa amayi onse a chigwirizano amene amakuthandizani kutunga madzi.

Ine ndidzabwera pasitima, yokwerera ku Bannockburn, Lachisanu la sabata ya mwambowo. Palibe amene adzatuluke m'nyumba kudzandiona ndikutsika, ndikudziwa. Ndakusokerani diresi loti mudzavale tsikulo, la nsalu yabuluu imene ndinasinthanitsa ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Ndasoka lonse pamanja, koma m'munsi ndasiya dala osapinda. Ndidzapinda pamakina a bambo, ngati ndidzawapeze.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Noria