Bwato Langa Si Lona

Ku mapiri a Drakensberg,
South Africa.
14 Novembala 2024

Achimwene a Bizwell,

Ndikupatsani moni chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa mtima uli pamalo. Muli bwanji kumeneko ku Kasenengwa? Nanga mwendo wa amayi watsika kutupa? Ine ndili bwino, kungoti manja ang'ambika ndi madzi ozizira a m'mapiri muno. Ndalemba kalata poti foni yanga simukuyankha, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake. A Jonah oyendetsa thiraki akupatsirani pamanja kuti musadzati sinafike.

Monika, mng'ono wanga, wanditumizira zithunzi. Ndaona bwato langa lopopa mpweya, limene ndinatumiza mu Ogasiti kuti mundisungire, mutalidula pansi pake n'kufunditsa matumba a chimanga. Ndaonanso majekete oyandamitsa munthu pamadzi mutaveka zidole zoopsezera apusi kudimba. Nkhafi imodzi akuti alamu a Ketilina akutembenuzira mtedza padzuwa. Monika akuti mutamasula katunduyo munanena kuti Tamiwe wakumbuka kwawo, watumiza lona wolimba. Lona wanji wokhala ndi potsekera mpweya ndi zogwirira m'mbali? Munalephera kufunsa?

Ndinakuuzani zonse. Kuno ntchito yanga n'kuyendetsa alendo pamtsinje, anthu oti sanakwerepo bwato chibadwire. Sitiwaponya m'mathithi ayi. Timasankha chigawo chofatsa, timayamba tawaphunzitsa kumtunda kagwiridwe ka nkhafi ndi zochita akagwera m'madzi, aliyense avale jekete ndi chisoti, kenako asanu ndi mmodzi m'bwato, ine kumbuyo kuwongolera. Wolimba mtima timamupatsa kayaki, kabwato ka munthu mmodzi. Mlungu wathawu ndinatsika ndi azimayi a kwaya, wina wa zaka makumi asanu ndi awiri wosadziwa n'kusambira komwe. Anakuwa pa mafunde oyamba, pofika kumapeto akupempha kuti tibwereze.

Ndiye ndimati zomwezi zichitike kwathu. Mapiri tili nawo, mtsinje wa kuseri kwa munda wathu umayenda bwino mvula ikamatha. Mnzanga wa ku yunivesite, amene akuphunzitsa ku Chipata, anavomera kale kubweretsa ana a sukulu khumi ndi awiri mu Epulo. Bwato lonyamulira anawo ndi limene mwadulalo, palibenso lina. Abwana anga anandipatsa litatha ntchito kuno, ndipo ndinakhala miyezi itatu ndikulimata ndekha.

Akuti munauza anthu ku tchalitchi kuti banja linagulitsa ng'ombe kuti mtsikana aphunzire, iye n'kukatenga digiri yosewera m'madzi ngati bakha. Achimwene, digiri yanga ndi ya zokopa alendo. Ndinakhala nayo zaka ziwiri ku Nabvutika ndikugulitsa zitumbuwa, makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Lero ndapeza njira, mwaidula ndi mpeni wosendera chinangwa. Mukufuna tonse tikalambe tikudikira feteleza wa makuponi?

Monika nditamufunsa kwambiri anaululanso zimene munanena mukudula. Akuti munati, "Mtsinje uja unadya kale munthu mmodzi wa pakhomo pano, sudyanso wachiwiri." Ndiye kuti munkadziwa bwinobwino kuti si lona. Bodza lija ndi limene landiwawa kuposa mpeniwo.

Atate ndimawakumbuka inenso, musaganize kuti maliro aja munalira nokha. Koma atate sanafe chifukwa chosewera. Anakokoloka powolokera pathu pomwe paja, madzi ali m'chifuwa, thumba la mbewu lili pamutu, popanda chilichonse chowayandamitsa. Chaka chilichonse anthu akuwoloka chimodzimodzi, inu nomwe muli m'gulu, ndipo mumati ndiko kusamala. Ine amene ndaphunzira kuwerenga madzi ndi kuvuula munthu ndiye wamisala.

Madzi akatayika sawoleka, koma bwato limamatika. Pempho langa ndi limodzi. Chotsani chidutswacho pa matumba, musachidulenso, muchipinde pamodzi ndi mbali zake zonse, mupereke kwa a Philemon omata machubu ku Nabvutika Disembala asanafike. Ndalankhula nawo, ndipo guluu wake ali ndi a Jonah limodzi ndi lona weniweni wa chimanga chanu. Mukakana, ndidzabwera ndekha kudzafundukula matumbawo, anthu aone.

Majekete aja avuleni zidole lero lomwe. Dzuwa likuwawononga, ndipo apusi samira. Asanu musunge m'nyumba. Imodzi muipachike pa mkuyu wa powolokera mvula isanakule, aliyense wowoloka azivala, kuyambira inu. Ndakwiya nanu, koma sindikufuna kukakusakani m'mabango monga tinasakira atate.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka ali m'thumba limene lili ndi a Jonah. Moni kwa alamu ndi ana, kwa azakhali, ndi kwa Monika, amene musamukalipire chifukwa ananena zoona.

Ine mlongo wanu, amene sanasinthe maganizo,
Tamiwe