Amene Anapenta Tiasilikali ta M'galasi

Kabwata, Lusaka
17 Julaye 2024

Okondedwa achimwene Said,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga. Kuno kuzizira kwatiluma ndithu, magetsi nawo akungobwera ngati mlendo. Ndasankha kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandiseketsa ndisanamalize nkhani, ndipo iyi sindikufuna kuseka.

Mukudziwa kuti chichokereni inu sindinasiye masewera munandiphunzitsa aja, ankhondo za m'mlengalenga, a tiasilikali tapulasitiki, madayisi ndi tepi yoyezera. Posewera ndimagonjabe ngati kale, musadandaule. Koma popenta ayi, pamenepo musandiyese dala. Dzanja lojambula hina m'manja mwa akwati silinjenjemera pa chisoti cha kamsilikali kochepa ngati chala.

Mwezi watha kunabwera Reuben, mnzanu wapamtima uja wa ku Woodlands, atanyamula bokosi la gulu latsopano limene langotuluka kumene. Munali tiasilikali makumi awiri tokumba migodi pamwezi, ndi chigalimoto chawo choyenda ndi miyendo isanu ndi umodzi ngati nyerere. Anati ba Ng'andu, eni shopu ya masewera ku Northmead, akonza tsiku loonetsa gululi, ndipo akufuna munthu wokhazikika woti aziwapentera zoika m'galasi ndi kuphunzitsa ena Lamlungu lililonse. Anati ine ndipente, iye akapereka, ba Ng'andu akadzionere okha dzanja langa. Ndinavina, achimwene, sindikubisirani.

Masabata asanu! Ndinakana kukajambula hina pa maukwati awiri chifukwa cha ntchito imeneyi. M'mawa uliwonse ndinkakokera tebulo pawindo kuti ndipezerepo dzuwa. Kudula tizidutswa, kupala m'mbali ndi lezala, kumata, penti woyamba, kenako wofiira katatu mpaka akhale bwino. Pamapewa pa aliyense ndinajambula maluwa a hina ndi kaburashi kamene ndinameta ndekha mpaka kutsala titsitsi towerengeka, ndipo palibe awiri amene anafanana. Amayi ankati ndidzachita khungu chifukwa cha zidole.

Tsikulo linali Lamlungu lapitali. Reuben anandipempha kuti ndikonze masamusa a alendo, ndiye ndinawanyamula m'beseni, minibasi ziwiri mpaka Northmead. Ndinapeza anthu ataunjikana pagalasi, mafoni ali m'mwamba. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, beseni lili m'manja. Gulu langa linali pamenepo, likuwala, ndipo patsogolo pa chinyerere chija panali kakhadi ka dzina la wopenta. Dzinalo linali la Reuben.

Ndinati mwina wolemba walakwitsa. Koma ba Ng'andu anamufunsa Reuben pamaso panga kuti timizere topyapyala chotero anatitha bwanji, iye osaphethira n'komwe anati ndi kuleza mtima basi. Kenako anandiloza.

"Uyu ni sisita wa Said. Ananithandizako kumata."

Kumata! Ba Ng'andu anandithokoza kwambiri chifukwa cha masamusa, ati anali okoma. Ntchito ija anaipereka kwa Reuben pomwepo, anthu n'kuomba m'manja. Ndiulule, nanenso ndinaika beseni pansi n'kuomba nawo. Tinaleredwa kuti mnzake wa achimwene ako sumuchititsa manyazi pagulu, ndiye manja anamvera mwambo pamene mtima unkakana. Mpaka lero ndikudzida nazo.

Dzulo masana Reuben anabweranso, atanyamula bokosi lachiwiri. Ati ba Ng'andu akufuna lipentedwe chimodzimodzi pofika Ogasiti. Munthu wouma m'maso ngati ameneyu sindinamuonepo. Ndinamuimitsa pakhonde kuti amayi asamve, n'kumufunsa kuti ndinamulakwira chiyani. Anayamba kuzungulirazungulira, zoti m'shopu mumadzaza amuna, zoti makasitomala sakhulupirira dzanja la mkazi, zoti tonse ndife amodzi. Nditamupanikiza ndi pamene anatulutsa mawu amene andilembetsa kalatayi.

"Nanga Said sanakuuze? Ndiye ananiuza ati dzina yako isaoneke mu shopu, ati ba tate bako sangakondwele. Tinapangana kudala, kalekale."

Ndinamubwezera bokosi lake, ndipo ndinamubwereka kaburashi kanga kuti akaleze nako mtima.

Za Reuben ndathana nazo, si magazi anga. Lamlungu likubwerali ndinyamula kamsilikali kamodzi kosapenta, ndikakhale patebulo la ba Ng'andu, ndikapente iwo akuona. Andilembe kapena asandilembe, adziwe kuti maluwa aja anachokera m'dzanja la ndani. Chimene chandichotsa mtendere ndi inu, achimwene.

Abambo ndawafunsa mwaulemu lero m'mawa ngati anakutumani uthenga wotero. Anadabwa. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha chinyerere chija, chimene anajambula chili pawindo ine osadziwa. Akhala akuonetsa aliyense wobwera kudzasoketsa zovala pamalo awo ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka, ati onani zimene mwana wanga amachita. Ndiye ngati alipo amene sanafune kuti dzina langa lioneke, si iwo.

Ndinu munandigwiritsa burashi yoyamba. Ndinu munkandinyadira kwa anzanu kuti mlongo wanga amakuposani nonse. Kodi munkanyada chifukwa zinkathera m'nyumba? Ndakwiya, ndipo ndikuchita mantha, chifukwa Reuben ndi wabodza koma mawu amenewa akumveka ngati anu. Musanditumizire mapenti atsopano monga mumachitira tikayambana. Ndiyankheni ndi mawu amodzi okha, munanena kapena simunanene.

Amayi akupereka moni, ati muzivala zofunda. Abambo akupereka moni, ati akukuikani m'mapemphero a Lachisanu. Alamu mundiperekere moni wambiri, iwo sanandilakwire. Wanga wa kwa inu ndausunga kaye kuno, mudzaupeza mukandiyankha.

Ndine mlongo wanu,
Shamsiya