Sefa Munatumiza Ija

Amara,
Lachitatu, 6 Novembala 1985.

Okondedwa achemwali anga a Badriya,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Muli bwanji kumeneko ku Kuwait? Alamu anga a Jasim ali bwanji, msana uja unawasiya? Nanga ana? Ife kuno tikupuma. Bambo maso akunka nazima ndi ng'ala ija, koma pakamwa mpomwe paja. Mlamu wathu Suhaila aliko. Ine mwendo ndi uja mumaudziwa, umene unandipulumutsa ku usilikali n'kundisiya ndikununkha mtovu m'shopu.

Kalata iyi sindikuiponya ku positi. Ndapatsira a Abu Sabah, oyendetsa lole aja, ndipo aibisa momwe anabisa kaphukusi kanu. Mukawerenga muitenthe. Musaiwerenge chiimire, pezani pokhala.

Ndinakunamizani, achemwali. Sefa ya wailesi munatumiza ija inafika bwino, ndipo uthenga ndinakutumizirani woti sinakwane unali bodza. Inagwira ntchito, mwinanso inagwira mopitirira.

Mukudziwa chomwe ndinaipemphera. Chifikireni pepala lija loti mng'ono wathu Thamir wasowa kunkhondo, zaka ziwiri tsopano, bambo sanaphonyepo Lachisanu. Akachoka kumzikiti amatseka mawindo, kuimika Suhaila, mkazi wa Thamir, pakhomo kuti aziona odutsa, n'kutsegula wailesi yoletsedwa ija ya kutsidya, ya dziko lomwe tikumenyana nalo, pomwe akaidi a nkhondo amatchula maina awo ndi kupereka moni kwawo. Koma a boma la kuno amathira dala chiphokoso pambali pake penipeni, chonga cha chigayo. Sefa yakale ya m'wailesi ya bambo ndi yotakata, imalowetsa zonse, mawu ndi chigayo chomwe. Yanu ija ndi yopapatiza, imadula za m'mbali n'kusiya kanjira ka mawu okha. Bambo ankati vuto si sefa ayi, vuto ndi manja anga, poti iwo m'masiku awo ankagwira mawailesi a kutsidya kwa nyanja ndi waya woyanikapo zovala.

Ndinawauza kuti ndikufuna kukachotsa fumbi m'wailesimo, n'kuinyamula kupita nayo kushopu. Ndinkafuna kuwadzidzimutsa, kuti kamodzi kokha m'moyo anene kuti mwana uyu manja ali nawo. Linali Lachiwiri masana. Miyendo ya sefa yanu ndi yotalikirana kuposa ya yakale ija, choncho ndinaboola timabowo tiwiri tatsopano, kuwotcherera, kutseka chitseko cha shopu, n'kuvala zomvera m'makutu. Moni wa akaidi amauulutsa koyamba Lachiwiri, Lachisanu amangobwereza.

Chigayo chija chinathawira kutali. Mawu ankamveka ngati a munthu woti waphimba nsalu pakamwa, poti sefa yopapatiza imatero, koma liwu lililonse linkafika. Ndinaseka ndekha m'shopumo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Wachisanu kulankhula anali Falih, mwana wa mai ophika buledi aja a pangodya. Anapereka moni kwa amake, nati ali moyo, asade nkhawa. Kenako anatchula dzina la bambo athu, nati:

"Amene akumva akauze a Haji Lafta okonza mawailesi kuti Thamir anamwalira. Anamwalira m'manja mwanga, m'mabango, tsiku lomwe tinagwidwa. Ndinamutseka maso ndekha."

Achemwali, Thamir kulibe. Ndang'amba mapepala atatu kufunafuna njira ina yokuuzirani, koma sindinaipeze.

Sindinalire. Chitsulo chowotcherera chinali chikadali chamoto. Ndinachotsa sefa yanu, kubwezeramo yakale, yanuyo n'kuiponya m'chitini cha misomali. Musandifunse chomwe ndinkaganiza. Ndinangoona nkhope ya bambo itagunda pa wailesi, ndipo ndinachita mantha. Ndinadziuza kuti ndikuwamvera chisoni, koma lero ndikuvomera kuti ndinkadzimvera chisoni ndekha. Sindinkafuna kukhala amene wabweretsa imfa m'nyumba.

Lachisanu lake tinatseka mawindo monga mwa masiku onse. Ine mawuwo ndinali nditawasunga pamtima, ndiye ndinawamva onse pansi pa chigayo chija, limodzi ndi limodzi. Bambo anangotolapo liwu loti Amara. Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati wolankhulayo ndi wakwathu kuno. Ndinati ayi. Anapukusa mutu nati tiyesanso sabata yamawa.

Milungu itatu ndinayenda nacho chinthu chimenechi. M'mawa uliwonse ndinkagula buledi kwa amake a Falih osawauza kuti mwana wawo ali moyo, poti ndikanatchula wamoyoyo, wakufayo akanatuluka naye pamodzi. Suhaila anatulutsa malaya a Thamir m'bokosi n'kuwachapanso, ati asadzawapeze akununkha nkhungu. Ndinamuthandiza kumanga chingwe choyanikapo. Ndimadzida ndikakumbukira zimenezi.

Lamlungu lapitali ndinabwera kudzadya masana, n'kupeza wailesi ili chafufumimba pamphasa, kumbuyo kotsegula, bambo akuyendetsa chala m'kati. Anali atatopa kudikira manja anga. Maso alibe, koma zaka makumi anai za ntchito zili kunsonga za zala zawo. Iwo powotcherera amasiya mtovu wobulungira ngati njere ya mphodza, pamene ine ndimasiya kansonga, ndipo akhala akundinyoza nazo chiyambireni kuphunzira. Anapeza tinsonga tanga pa miyendo ya sefa yakale. Anapezanso timabowo tiwiri topanda kanthu.

Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma analankhula motsitsa.

"Nazar, khala apa. Munthu saboola bowo la chinthu chosakwana. Unaikapo sefa ya mlongo wako, inagwira, ndiye unaichotsa. Ikanakana, iwe ndimakudziwa, ukanabwera kuno ukutukwana msewu wonse. Koma unabwera uli chete, wailesi utaipukuta ngati ya mkwati. Unamva chiyani, mwana wanga?"

Ndinawauza. Anandibwerezetsa kawiri, liwu ndi liwu monga ananenera Falih. Anafunsa ngati anamuika moyang'ana ku Maka, ndinati zimenezo Falih sananene. Kenako anati ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Atatero anayamba kupapasa nsapato zawo. Ankafuna kupita kumzikiti kukapempha tenti ya maliro ndi miphika ya khofi, ndi kukalembetsa nsalu yakuda yopachika pakhoma.

Ndinawatsekereza pakhomo. Ine, wa mwendo umodzi ndi theka, kugwira bambo anga ngati wakuba. Ndinawakumbutsa kuti pepala la boma likuti wasowa, silikuti wafa. Tikapachika nsalu, dzuwa lisanalowe a boma abwera kudzafunsa amene watiuza, ndipo atenga ine, atenga iwo, mwinanso amake a Falih. Anandimenya pachifuwa kamodzi, osati mwamphamvu, n'kukhala pansi pomwepo pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja.

Suhaila anamva zonse ali kukhitchini. Analira ataluma pilo, poti khoma lathu ndi la aneba ndi limodzi. Wayamba kuwerenga masiku ake a umasiye mwakachetechete, ndipo ofunsa tikuwauza kuti ali ndi malungo. Sanandilankhulebe, ndipo sindikumunena.

Amake a Falih ndinakawanong'oneza Lolemba, bambo ndiwo anandituma. Mai aja anangogwira khoma la uvuni, lotentha choncho, osamva kupsa. Nawonso sangaimbe nthungululu. Mumsewu mwathu muli nyumba ya chimwemwe ndi nyumba ya maliro, ndipo zonse zili zii.

Dzulo a Abu Riyadh a kuseri kuno anabwera kudzamwa tiyi. Monga amachitira nthawi zonse, anafunsa ngati kwamveka chilichonse cha Thamir. Ndinayang'ana bambo.

"Tikudikirabe," anatero bambo. "Mulungu ndi wamkulu."

Bodza lomwe ndinawabisira nalo maliro, tsopano akulinena okha ndi pakamwa pawo, munthu woti chibadwire sananamizepo kasitomala ngakhale pa kawaya. Mlendo atapita bambo anandipempha kuti nditenge pepala ndikulembereni.

Choyamba ndi changa: ndikhululukireni. Nanunso ndinakuberani milungu itatu, ndipo mlongo wanu munkamupempherera ngati wamoyo chifukwa cha ine.

Chachiwiri ndi cha bambo, ndipo ndi cha tonse. Kuno sitingathe kumulira Thamir. Kumeneko khoma ndi lanu. Itanani wowerenga Kurani. Yalani mphasa masiku atatu, fululani khofi wowawa, phikani mpunga ndi nyama mugawire osauka m'dzina lake. Itanani amai a ku Amara amene mumawakhulupirira, ndipo wina akafunsa momwe mwadziwira, musatchule wailesi. Alamu a Jasim akhale pakhomo kulandira opepesa m'malo mwa bambo. Dzina lake mulitchule lonse, mokweza, Thamir mwana wa Lafta. Ndipo mulire, achemwali, musadzigwire. Mulire gawo lanu, la bambo, la Suhaila, ndi langa ngati mukuona kuti ndikuyenera.

A Abu Sabah abwerera kuno pakatha masiku khumi. Bambo apempha kuti muwauze tsiku lomwe mudzayale mphasa, ndipo muliike patsogolo ndithu kuti uthenga utipeze nthawi ikadalipo. Tsiku limenelo sindidzatsegula shopu. Tidzakhala pansi atatu m'nyumba muno, chitseko chotseka, tikudziwa kuti kwinakwake mwana wathu akuliridwa ngati munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa apongozi anu. Ana muwapsompsone pamutu, ndipo muwauze za amalume awo mwa njira yomwe mungathe. Mulungu amuchitire chifundo Thamir, akulimbitseni mtima inu, ndipo atikumanitse tikadali ndi moyo.

Ndine mlongo wanu,
Nazar.