Uthenga wa maliro wafufutidwa

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, mutu ukungogunda.

Gulu lathu la pafoni likuphwasuka ine ndikuona. Ndi la pulogalamu yathu yaulere ija yokonza kalembedwe ka Chichewa, yomwe aliyense amaloledwa kuisintha. Muli aphunzitsi a kuno ku Dedza otipatsa mawu, ndi anzathu akunja olemba pulogalamuyo.

Dzulo a Kamwendo, mphunzitsi wa ku Kabwazi, analengeza pagulupo maliro a mlongo wawo. Anthu anapepesa tsiku lonse. Lukas wa ku Ulaya, mkulu wa olemba pulogalamuwo, poona kuti funso lake lakwiririka ndi ma "pepani", anafufuta uthengawo n'kulemba kuti si malo ake. Kufufuta uthenga wa maliro! Ndi munthu wanji ameneyu?

A Kamwendo atuluka pagulupo m'mawa uno osatsanzika, aphunzitsi ena n'kuwatsatira. Nditawaimbira angoti, "Zikomo mwananga, ife tili pa maliro," n'kudula.

Tsono Lukas akuti tisamukire pa tsamba la pa intaneti pomwe nkhani iliyonse ili ndi malo ake. Tsamba limenelo ku Kabwazi silitseguka pokhapokha utakwera phiri. Akuti ine monga woyang'anira gulu ndisankhe pofika Lachisanu, apo ayi iye asiya. Akachoka iyeyo pulogalamu iima. Nanga akachoka aphunzitsi, tizikonza Chichewa cha ndani?

Mawa ndilawirira kukakwera minibasi kupita kumaliroko. Kupepesa ndikapepesa. Koma ndikawauza bwanji kuti pagulu lathu mlongo wawo analibe malo, ndikayambira pati...