Matope a m'botolo 14

Lolemba, 3 Marichi

Kumsonkhano dzulo Chitayi, manijala wa hotelo ija, anaimirira n'kunena kuti gombe likununkha chifukwa ife a nyumba zakuseri "timadzithandiza m'madzi ngati nkhumba." Bambo anali pabenchi yachiwiri, chipewa chili m'manja. Akhonsolo akuti zikatsimikizika, nyumba zathu azigwetsa.

Woti atsimikize ndi labu yathu. Chitayi sakudziwa kuti wotsuka mabotolo kumeneko ndi mwana wa nkhumba.

Lachitatu, 5 Marichi

Tapita pa boti ndi a Dokotala, mkulu wa labu yathu, madzi ataphwera. Timakhomera paipi m'matope n'kuizula, matope n'kutuluka ngati soseji, kenako timawadula mapisi. Akuti m'matumbo mwa munthu mumapangika mafuta enaake osasungunuka, amene amakanirira m'matope zaka ndi zaka.

Ndati, "Nanga mudziwa bwanji mwini wake? Chimbudzi sichidinda sitampa."

Aseka. Akuti matope amasanjikana chaka ndi chaka: apansi ndi akale, apamwamba ndi a lero. Komanso sopo wa makina ochapira amasiya chizindikiro chake, ndipo amayendera paipi imodzi ndi zonyansazo.

Kwathu makina ochapira ndi manja a mayi.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndinabwera ndi kasupuni m'thumba. Nzeru inali yoti nditapeko za m'chimbudzi cha kuntchito, ndiwonjezere m'botolo la kuhotelo, mlandu ulemere bwino. Ndapeza a Dokotala amatula mapepala onse omwe ndinamata pamabotolo, amata manambala awo, mndandanda wa malo autsekera mu envelopu.

"Si kuti ndakukayikira, mwanawe. Sindikufuna munthu adzapeze pogwira."

Anena akundiyang'ana m'thumba.

Loweruka, 8 Marichi

Bambo ayamba kuzula misomali ya mashelefu. "Bola ndiphwasule ndekha kusiyana n'kuonerera." Ndawalanda hamala, ndaibisa m'dengu la zochapa. Kumeneko safikako.

Lachiwiri, 11 Marichi

Makina angolira tsiku lonse. Ine mabotolo, mabotolo.

Lachisanu, 21 Marichi

Zatuluka. M'mapisi apansi, a nthawi imene kunali ife tokha, mafuta aja alimo pang'ono. Angelo ayi, sitili. Koma m'mapisi apamwamba mzere wa papepala waima njo ngati khoma, wa sopo uli pambali pake. A Dokotala akuti kukwerako kunayamba zaka ngati zisanu ndi chimodzi zapitazo. Hotelo anaitsegula liti? Ndafunsa ndikudziwa.

Loposa onse ndi botolo 14. Atsegula envelopu: ndi matope a pansi pa khonde lomwe alendo amadyerapo nkhanu. Paipi ya zonyansa za hoteloyo anaikwirira pamenepo.

Supuni yanga ikadangoipitsa ntchito yomwe Chitayi anaigwira yekha mokwanira.

Lolemba, 24 Marichi

Kalata yafika kukhonsolo, mphekesera yafika kuhotelo. Naini koloko Chitayi watulukira pakhomo pa labu, wopanda tayi.

"Achemwali, a Dokotala ndingawaone?"

Achemwali! Ndati abwera thuu koloko, khalani. Pabwalo pali benchi yabwino, yamphepo. Ine ndamuikira kampando pafupi ndi sinki yanga, ndatseka zenera.

Wandiyang'anitsitsa. "Kodi sindinakuonenipo penapake?"

"Munaona bambo anga. Benchi yachiwiri."

Ndavala magolovesi, ndatsegula botolo 14.