Ngolo ya Dokotala Gilibati Idakali Pamlatho

Kwa Mayi Margret Gilibati, ana, abale ndi anansi a ku Mitundu ndi ku Nathenje, komanso kwa onse amene anawadziwa malemu,

Ife a Bungwe la Ofufuza za Makina Oyenda Okha talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mnzathu, Dokotala Abednego Gilibati, amene atisiya Lachiwiri lapitali atadwala masiku anayi okha. Kunena zoona, mitu yathu yaima, ndipo ngakhale misozi ikukana kutuluka. Timafika ku ofesi, kukhala pansi, n'kumangoyang'anana ngati anthu odikira minibasi.

Malemu anatumikira bungwe lino zaka khumi ndi zinayi, anaphunzitsa mainjiniya ambiri, ndipo zofufuza zawo zinawerengedwa ngakhale kunja kwa dziko lino. Komabe ntchito imene inali pamtima pawo ndi ngolo yopanda ng'ombe, yoyendera mphamvu ya dzuwa, imene imayenda yokha kutuluka ndi tomato m'madimba kukafika naye kumsewu wa ku Nathenje. Enafe tinkawaseka kuti munthu wophunzira chotero akuthera nsapato m'matope, koma iwo ankangoti, "Makina amene sanaonepo matope a kwathu ndi chidole."

Pa chinthu chimodzi anali amakani ndithu. Pa kamlatho ka mitengo kamene ana a sukulu amawolokerapo, anaiphunzitsa ngoloyo kuima ndi kudikira mpaka iwo eni atakweza dzanja, ndipo dzanja la munthu wina siilidziwa. Tinakangana nawo kangapo, iwo n'kumati adzaiphunzitsa manja a alimi mmodzimmodzi akadzakhutira kuti singagunde mwana. Ntchitoyo anakonza zoiyamba sabata ino.

Titafika pamaliro, Mayi Gilibati anatitengera pambali nati, "Apulofesa, Lolemba alimi anapakira monga mwa masiku onse, bambo ali kuchipatala. Chinthu chija chinanyamuka, koma chaima pamlatho. Anthu akweza manja mpaka atopa."

Tinapita kukaona. Ine ndinakweza dzanja limodzi, kenaka onse awiri, koma ngolo sinasunthe. Tomato anali atayamba kuwola momwemo, ndipo wina akupsa m'madimba a mabanja makumi awiri amene anadzala kutali ndi msewu podalira ngoloyo.

Choncho tikulonjeza alimi onse kuti ntchito imeneyi siikwiriridwa pamodzi ndi mwini wake. Loweruka likudzali mainjiniya athu abwera kudzaiphunzitsa ngoloyo manja a alimi, ndipo lamulo la malemu loti iziima pamlatho sitilichotsa, ngakhale kuti ndife omwe tinkalitsutsa. Titawafotokozera zimenezi, Mayi Gilibati anangoti, "Mudzayambe ndi langa. Ndimadziwa mmene ankakwezera."

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi, kwa ana ndi kwa abale onse, ndipo tikupempha Mulungu kuti akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa ndi kuti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Mawu otonthoza tilibe, chifukwa nafenso sitinatonthole. Loweruka m'mawa, mayi, tidzakupezani pamlatho.

Pulofesa Thokozani Yakobe
Wapampando, Bungwe la Ofufuza za Makina Oyenda Okha